Madigiri Asanu a Tikambenji

Ku Chinika, kuseri kwa chipinda choziziritsira nkhuku,
Tikambenji watchera khutu pa kompresa.
Laputopu yake idalosera dzulo:
nthunzi ikabayidwa pakati pa mimba ya makina,
kutentha kutsika madigiri khumi ndi anayi.

Geji ikuti asanu ndi anayi.

Okutobala wawotcha malata.
Bwana Simfukwe akuwerenga makatoni ndi maso,
jenereta ikutsokomola dizilo.
Asanu enawo alowera kuti?

Wabwerera ku manambala, mzere ndi mzere,
mpaka waona: sadalembemo fumbi la Kanyama
lomwe lafunditsa kondensa bulangete,
kapena chitseko chimene Gelesomu amasiya pululu
foni ikalira.

Wapukutira girisi pa ovolosi,
wakoka kreti, wakhalapo,
wayamba kuwaphunzitsa masamu ake
za Lusaka.