Mpira Ukadali M'malere

Ku Chilenje, kuseri kwa msika, agalu atatopa n'kuuwa,
ife tili maso m'bekala ya a Njobvu.
Magetsi anapita kalekale,
jenereta ikutsokomola pakhonde ngati mkulu wa fodya,
ndipo foni ya Choolwe, yong'aluka galasi pakona,
yatsamira chitini cha yisiti.
M'kagalasimo muli chisanu cha ku Amereka,
amuna a zipewa zolimba akufuka nthunzi m'kamwa,
akulimbirana mpira wooneka ngati papaya.

"Muoneni Naini wanga,"
akutero Choolwe, nsidze zili mbuu ndi fulawa.
"Mkono uja si wa munthu wamba.
Amaponya komwe mnzake sanafike,
mpira n'kukakumana naye ngati anapangana dzulo."
Manambala a chaka chatha anawaloweza ngati vesi,
amawalakatula atatsinzina.

Mwangala sakweza n'komwe mutu,
akuwerenga mabanzi m'mapepala, khumi khumi.
"Manambala amadyedwa? Chikho chili kuti?
Masewero akafika pothina
mawondo ake amasanduka phala.
Katatu konse chaka chino wapatsa adani mpira m'manja
ngati kondakitala wobweza chenji."

"Mphepo inali yambiri tsiku lija!"
"Mphepoyo inkaomba iye yekha?"

A Akimu, oyendetsa galimoto ya buledi,
agona pa matumba chipewa chili kumaso.
Iwo amati mpira wogwira ndi manja ndi chibwana,
koma afunsa, "Amamulipira zingati mnyamatayo?"
Atauzidwa ayamba kusintha m'makwacha ndi zala,
zala zatha, atukwana pang'ono, agonanso.

Ine sindilowerera. Ndikukanda.
Maso anga ali pa zimphona zisanu zija
zowerama patsogolo pake ngati ng'ombe za pagoli,
zogundidwa pachifuwa kuti iye apeze masekondi atatu.
Wolengeza satchula mayina awo
pokhapokha wina akalakwa.
Ndakanda mtanda uwu kuyambira naini koloko,
mapewa akuyaka moto,
ndipo kukacha amayi a pamzere adzati,
buledi wa a Njobvu ndiye wofewa,
a Njobvu amene pano akuliza mkonono ku Kabulonga.

Ndinatsala pang'ono kunena zimenezi.
Koma ndakumbukira Lachiwiri lija buledi atapserera:
palibe anafunsa kuti anakanda ndani.
Anaitanidwa mu ofesi ndi Choolwe, mwini uvuni,
amene amayenera kudziwa ndi mphuno yokha
mphindi yotsegula chitseko.
Anamudula malipiro a masiku awiri.
Mwina n'chifukwa chake amamukonda Naini.
Ndameza mawu anga.

Tsono kwatsala masekondi asanu ndi atatu,
timu yake ili kumbuyo ndi mapointi anayi.
Tasiya zonse. Ngakhale a Akimu asuzumira pansi pa chipewa.
Naini wabwerera m'mbuyo, kamodzi, kawiri,
khoma lake likung'aluka kumanzere,
wakweza mkono, wauponya,
mpira ukukwera, ukuzungulira, ukukwera,

bando yatha.

Kagudumu koyera kakungozungulira pagalasi.
Palibe ali ndi ndalama m'foni.
"Wagwidwa umenewo," akutero Choolwe.
"Ndi adani," akutero Mwangala.

Kenaka mphuno zathu zonse pamodzi:
uvuni!
Choolwe walumpha thumba, watsegula, utsi pang'ono chabe,
mabanzi apulumuka, ada kumsana kokha.
Watola limodzi lotentha, osayang'ana n'komwe,
waliponya kudutsa tebulo, kudutsa mutu wanga,
Mwangala waliwakha ndi dzanja limodzi.

"Waona kuponya?"
"Waona kuwakha?"

Kunja minibasi yoyamba ikuitanira a m'tauni.
Tikulongedza makireti, a Akimu akuwotha injini,
ndipo kwinakwake, kutsidya kwa nyanja zamchere,
anthu akudziwa kale zimene zachitika.
Kuno ku Chilenje mpira uja sunatsike.