Kaphokoso ka Pansi pa Mpando

Makilomita zikwi zisanu ndi zinayi basi.
Mapulasitiki a pamipando sindinang'ambe,
fungo la kusitolo likadali m'kati,
banki yangodula kachinayi.

Kanayamba Lachiwiri, pa loboti ya ku Booysens,
nditasenza matailosi a Mmwenye wa ku Mayfair.
Nditangochotsa phazi pa kalachi,
pansi pa mpando panati gu.
Kamodzi kokha,
ngati munthu wagogoda
n'kuzindikira kuti walakwitsa khomo.

Ndinati ndi matailosi.
Ndinatsitsa matailosi.
Gu.

Pa M1, singano ikafika pa eyite,
kamasintha chiyankhulo:
kulira kwa udzudzu wa m'khutu,
wuuu, kuchokera cha ku difu.
Ndikaponda mafuta kalipo, ndikasiya katha.
Ndinazimitsa wailesi.
Kuyambira tsikulo za m'dziko sindizidziwa.

Kumene ndinaigula, ku Selby,
mnyamata wa tayi, dzina lili pachifuwa,
anaizungulitsa mdadada umodzi.
Pikapu inangoti zii,
ngati mwana amene thupi lazizira
mutangofika pamzere wa kuchipatala.
Akuti zatsopano zimatero,
zitsulo zikuzolowerana.
Ine ndi mayi a kunyumba tinazolowerana
popanda kugogoda chonchi.

Che Ndembo a ku Namwera,
amene galaja yawo ndi mthunzi wa mlatho ku Fordsburg,
anagona chagada pa katoni,
nsonga ya sikuludilaiva pachitsulo,
chogwirira kukhutu.
Anagwedeza shafuti ndi dzanja limodzi.
"Beringi yapakati iyi. Yakalamba isanamere mano.
Koma ine ndikangomasula bawuti imodzi,
walanti yako yafera m'manja mwanga.
Bwerera kwa eni maliro."
Ndalama anakana.
Analandira ndudu ziwiri, imodzi n'kuipachika kukhutu komweko.

Ndinamangirira foni ndi mphira kunsi kwa chasisi,
n'kukwera chitunda cha ku Brixton
ndi matumba khumi a simenti obwereka.
Gu analowa. Wuuu analowa.
Ndinakawaimbira pa kauntala,
makasitomala ena akumva,
mayi wina mpaka anabweza cholembera m'chikwama.
Wa tayi anaitana wa ovololo.

Masiku naini ili m'mwamba, matayala lende,
kudikira chitsulo cha ku Pitoliya.
Masiku naini ndikulimbirana takisi ku Bree,
kuloza chala m'mwamba ngati ndabwera dzulo.
Mmwenye anapeza wina wonyamula matailosi,
Mshona wa lole yofuka utsi
imene imalira paliponse
koma imafika.
Banki sinamve gu. Inadula kachisanu.
Mlongo wanga ku Balaka analemba:
"Achimwene, chithunzi cha galimoto tachiona,
yokongola zedi.
Nanga fizi ya Mwatitha?"

Anandibwezera yotsukidwa, matayala akunyezimira,
pepala likuti:
beringi yasinthidwa,
oyilo wa mu difu wasinthidwa,
mabawuti anayi amene wina kufakitale
anawasiya theka, mwina belu la nkhomaliro litalira,
amangidwa.
Zolipira: palibe.

Palibe.
Ndinaliwerenga kawiri liwu limenelo,
n'kulipinda, n'kuliika m'thumba
limodzi ndi matikiti a masiku naini.

Tsopano imayenda ngati madzi a mu paipi.
Che Ndembo anaimvetsera ikudutsa,
n'kukweza sipanala m'mwamba.
Koma wailesi sindinayatsebe.
M'mawa wa Julaye, chisanu chili mbuu pagalasi,
ndimatsetsereka ndi msewu wa Jules
zenera lili lotsekula,
khutu lamanzere lili pansi pa mpando.

Dzulo ndinamva kenanso,
ke-ke-ke-ke,
kakang'ono, kofulumira, kapafupi kwambiri.
Ndinaima pambali, mtima uli pakhosi,
matakisi akundiimbira mahutala.
Ndinazimitsa injini.
Sikanaleke.
Ndinagwada pa phula kusuzumira kunsi,
shafuti ili phee, difu ili gwa,
dontho la oyilo ngakhale limodzi ayi.

Anali mano anga.