Tochi ya Mlamu

Mlamu Muhiwa anaibweretsa Loweruka
atayikulunga m'jumbo ya shuga,
chiperoni chikudontha m'mphepete mwa chipewa.
"Mabatire akundidyera malipiro," iwo akutero.
"Awiri Lolemba, pofika Lachinayi afa,
ndipo makademiya a ku esiteti sadzilondera okha."

Ndinaitsegula pa benchi yanga pa Bvumbwe,
uku wometa, uku amayi a kabichi.
M'kati munali dzimbiri lobiriwira,
sipuling'i itagona chammbali,
yotopa ndi kukankha.

M'kabati ndinali ndi mabatire ena,
ochotsa m'laputopu yakufa ya aphunzitsi,
owonda, ataliatali, otchajanso akatha.
Koma nyumba inamangidwira eni ake onenepa.
Awiri sakulowa, akutsala chala chimodzi.
Limodzi likungoti gwedegwede
ngati mwana wavala nsapato ya bambo.

Ndiye ndinatenga sowo.
Ndinadula kanyumbako pakati, phulusa la pulasitiki
likugwera pa thalauza,
n'kupala m'mbali ndi tupa
mpaka chikhadabo chinasiya kukodwa.
Kapaipi ka madzi kanakhala malaya a batire,
mphira ya chubu cha njinga n'kukhala lamba.
Sipuling'i ndinaba ku ambulera yothyoka,
kachitsulo ka kumutu ndinasema
pa chivindikiro cha chitini cha nsomba,
ndipo kananditema chala, kanalawa magazi.

Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa.
Ndinaotcha msomali pa mbaula ya Nasiyaya,
pakati pa chimanga chake chowotcha,
iye akunditukwana mosekerera,
mtovu n'kusungunuka, n'kugwira waya.

Kababu koyamba ndinakapsereza ndekha.
Kanangoti phethi, kautsi, basi.
Ndinaiwala kanjere ka mizeremizere
kamene kamauza moto kuti uyende pang'onopang'ono.
Ndinakazula m'wailesi ya munthu
amene sanabwerenso kudzaitenga chaka chatha.

Kachiwiri, swichi itati thapu,
mphezi inatuluka m'dzanja langa masana,
wometa anaphimba maso, lumo lili m'mwamba.
Mlamu anaseka mpaka chiseyeye.
Sindinawalipiritse. Mlongo wanga akanandimva.

Lachitatu ndi awa abweranso,
tochi m'jumbo yomwe ija.
Ndinati yafa? Akuti ayi.
Yatentha? Ayi.
Anakhala pa ndowa yovundikira,
akuyang'ana matope a pa gambutsi zawo.

"Ija yakale," iwo akutero,
"inkandionetsa zithunzithunzi.
Ndikakuwa, chithunzi chinkathawa,
m'mawa ndinkauza kapitawo kuti anali anthu,
sindinawazindikire, ndipo sindinkanama.
Dzulo ndawalitsa mzere wachisanu ndi chiwiri.
Ndaona nkhope, mlamu.
Ndaona ndi chigamba cha pa juzi,
juzi imene ndinapereka ndine pa maliro a bambo wake.
Kathumba kake sikanafike ndi theka."

Minibasi ya ku Limbe inaitana anthu, inapita.
Nasiyaya anatembenuza chimanga.

Sindinafunse dzina.
Ndinamasula mphira, ndinasolola paipi,
batire linagwera m'chikhatho lili lofunda.
Ndinafufuzanso m'mimba mwa wailesi ija
kufuna kanjere kena, kouma mtima kuposa koyamba,
kopanikiza moto pakhosi.
Msomali unafiira, mtovu unagwira.

Thapu.
Kuwala kunatuluka kofatsa, kwachikasu,
kokwana kuona njoka panjira,
dzenje, muzu, chingwe cha nsapato,
koma pa mayadi khumi
munthu n'kukhala munthu chabe.

Mlamu anayesa pa khoma la wometa,
anagwedeza mutu, anaika m'jumbo.
Panjira anatembenuka:
"Nanga batireli likhala masiku angati?"
Ndinati tsopano likhalitsa,
moto wochepa sudya nkhuni zambiri.

Atapita ndinasesa phulusa la pulasitiki,
ndinayamwa chala chotemeka chija,
n'kutenga foni ya kasitomala wina
imene akuti imangozima yokha.