Zopota

Magetsi athima chim'mawa,
koma uvuni wanga sudikira waya:
mphika wa mchenga pa mbaula,
makala pansi, makala pa chivundikiro.
Okutobala wa ku Salima akuwotcha malata,
ine ndikuwonjezerapo moto wina.

Ndafinya malalanje anayi.
Mafuta kapu imodzi, shuga wa ku Dwangwa,
kasoda pang'ono, thovu n'kukwera ngati lapsa mtima.
Sinamoni masupuni awiri.
Yachitatu ndi yako, Ndaziona,
poti unkanyambita pepala lake uli mwana
n'kumakana, milomo ili mbuu.

Dzira ayi. Mkaka ayi.
Bambo anga ankati
za dzira n'za lero, za mafuta n'za ulendo.
Anaphika zaka khumi ndi zinayi
kwa Mgiriki wa sitolo ya kufupi ndi njanji.
Dona sankadziwa Chichewa,
iwo sankadziwa Chigiriki,
ankamvana ndi manja okha pa tebulo la ufa.
Dzina la mabisiketiwa linali lalitali,
linawakola lilime,
ndiye pakhomo pathu timangoti zopota.

Ndikutapa kamtanda, ndikukakunkhuniza pa thabwa
mpaka katalike ngati pensulo,
ndikupinda pakati, ndikupota
monga timapotera chingwe cha mbuzi.
Zina zanenepa. Zina zapendekeka.
Zako zija zinkatuluka ngati nyongolotsi ziwiri zikulimbana,
koma zinkatha ndithu.

Fungo ladumpha kale mpanda.
Ana a kwa Asiyatu aima pa geti,
akuti akufuna mpira wawo.
Mpira sunagweremo muno.
Ndawapatsa zothyoka, apita akukangana.

Pamenepa sipafuna changu.
Moto ukhale wofatsa, ziwume mpaka mkati,
ukagogoda ndi chikhadabo ziyankhe kuti go.
Ukaphula, uziyale pa lichero, uzisiye.
Chofunda ukachitsekera m'chitini chimatuluka thukuta,
pofika ku Tete chachita nkhungu.
Ndinaphunzira chaka chatha, unandiuza mochedwa,
unati sunafune kundikhumudwitsa.

Mawa Twaibu wa kabaza adzanyamula chitini
mpaka pa Kamuzu Road.
Minibasi ya ku Lilongwe,
kenako chikwama cha a Kaliwo, pansi pa basi,
pakati pa usipa wa ena ndi mpunga wa ena.
Dedza, Nyamapanda, mlatho wa ku Beitbridge.
Masiku atatu, anayi ngati mapepala avuta.
Ndamata chivundikiro ndi tepi kawiri
kuti fungo la nsomba lisalowe
ndi kuti dzanja la munthu lichite manyazi.

Unati ndisavutike,
ku Joni masitolo ali ndi zonse.
Ndikudziwa.
Unatinso uli bwino,
koma mawu ako pa foni anali owonda,
ndipo kumbuyo kwako kunali mwana wa abwana akulira,
iwe n'kumutonthoza m'chilankhulo chomwe sindinakuphunzitse.

Ndawerenga: makumi asanu ndi limodzi, kudza zitatu.
Ndayala nyuzipepala pansi,
ndazigoneka mizere mizere, mutu ku miyendo,
monga munkagonera pa mphasa imodzi ndi azing'ono ako.
Kalata sindinalembe.
Cholembera chauma, komanso ndikanati chiyani
choposa zimenezi?

Chimodzi chapserera m'mbali.
Chimenecho n'changa,
ndimwera tiyi wopanda shuga,
poti shuga yense walowa m'chitini.

Ukatsegula usaitane nyumba yonse.
Mnzako wa ku Mzimba uja umpatse ziwiri, basi.
Zotsalazo chimodzi m'mawa uliwonse,
uviike mu tiyi, usathamange, n'zolimba.
Ndawerengera pa kalendala ya kutchalitchi:
ukamadya choncho,
chomaliza chidzakupeza mu Disembala.

Unati Disembala ubwera.
Chaka chathanso unatero.
Chitinicho usataye,
ubwere nacho.