Chala pa Njerwa

Andiitana kudzamata ming'alu
pa nyumba ya njerwa zofiira kumtunda kwa Sunnyside.
Mayi Chikaonda anaigula chaka chatha,
akufuna isanduke ofesi ya inshuwalansi Pasaka asanafike.

Ndayamba ndi kuizungulira, ngati wogula ng'ombe.
Denga la malata latsika ngati chipewa cha mlonda wosinza,
mitu ya mitanda ikusuzumira kunja, yosabisidwa,
mkungudza wa ku Mulanje:
ukaupala ndi mpeni fungo limadzuka ngati aucheka dzulo.
Chiswe chinalawa, chinalavula.
Mizati ya pakhonde ndi yonenepa m'chiuno, yowonda m'khosi,
ndipo khondelo ndi lotakata moti mungaikepo maliro
anthu onse osanyowa.

Pamwamba pa chitseko cha mbawa analembapo 1913
ndi zilembo ziwiri za mwini wake,
kalaliki wa kampani amene ankaopa chiperoni
mpaka anamangitsa chumuni pakati pa nyumba.
Khitchini anaikankhira kuseri.
Kuseri kwa khitchiniyo, timazipinda tiwiri topanda mawindo.
Nyumba imanena yokha amene ankalowera kuti.

Sanamange ndi simenti. Laimu ndi mchenga wa mu Mudi,
matope opuma, olola khoma kusuntha dziko likatakataka.
Wina anadzaphatikapo simenti m'zaka za makumi asanu ndi awiri,
ndipo apo pomwe ndi pamene pang'aluka.

Lachitatu masana, pansi pa windo loyang'ana ku Ndirande,
ndazula njerwa yogwedera.
Yolemera, yopsa bwino, ikulira ngati belu ukaigogoda.
Kumimba kwake kuli chala.
Wina anaigwira isanaume, pochoka m'chikombole,
mizere yonse ya khungu inatsala m'dothi la katondo
ndipo moto wa uvuni unaisindikiza.

Ndaikamo chala changa chachikulu. Sichikulowa.
Ndayesa chamkombaphala. Ayi.
Chakanise, kakang'ono kaja, ndiye kakwana.

Anali mwana.

Ndakhala pa ndowa, chipande chili m'manja.
Unachokera kuti iwe? Ku Chiradzulu? Kutsidya kwa Ruo,
pambuyo pa amako othawa chikoti?
Ankakulipira mchere kapena kansalu,
kapena unkathandiza bambo ako kupeza za msonkho?
Unanyamula zingati tsiku limenelo, pamutu popanda nkhata?
Unaiona itatha nyumbayi, nyali zitayaka pakhonde?

Gomezgani, wondithandiza, akuti tifulumire abwana,
matope akuuma.

Mayi Chikaonda abwera ndi galimoto cha m'ma folo,
akuti khoma lonse lipakidwe pulasitala, penti yoyera,
makasitomala sakonda zakale.
Ndawauza kuti njerwa izi zikatsekedwa zimachita thukuta,
m'zaka zisanu mudzandiitananso.
Sindinaname. Koma sichinali chifukwa chokhacho.
Ayang'ana foni, ati tikambirana Lolemba.

Njerwa ija ndaibwezera pamalo pake,
koma ndaitembenuza.
Zaka zoposa zana inayang'ana mumdima wa khoma;
tsopano chala chili kunja, chikuloza msewu,
kumene ana a sukulu amadutsa akukukuta chimanga chootcha.

Sichili pamwamba ngati zilembo za pachitseko.
Chili m'munsi, mofika m'chiuno mwanga,
poti wamkulu sangachione asanawerame.