Zala Zinayi

Njanji ya ku China imathera pansi pa mapazi anga.
Yathu ya ku Kazakhstan imayambira pomwepo,
koma njotakata kuposa inzake ndi zala zinayi,
ndipo zala zinayizo ndizo zimandidyetsa.
Sitima siingadutse. Ndiye ine Nazerke,
m'kachipinda kagalasi pamwamba pa kireni,
ndimatula kontena pamsana uwu
n'kukaisenzetsa pamsana uwo,
kuno ku Khorgos, komwe nyanja timangoimva m'nkhani.

Dzana kunabwera mphunzitsi wa ku yunivesite,
nsapato zake zosadziwa matope,
n'kutambasula mapu pabonati ya galimoto.
Akuti kuno ndi pamchombo pa dziko lapansi.
Akuti maufumu a pamadzi ndi maufumu a pamtunda
akhala akukanganirana mchombowu kuyambira makedzana,
ndipo chala chake chinatiphimba tonse,
tauni, manda, sukulu ya mkaka.
Mphepo inamulanda mapuwo.
Tinawathamangitsa atatu, iye, ine ndi Sabyr mlonda,
mpaka anakakodwa pawaya wa malire,
mbali yomwe sitiloledwa kupondako.

Zomwe ndimanyamula sindiziona.
Pepala limati nsapato, mafoni, zitsulo za mathirakitala.
Chaka chomwe kutali kunabuka nkhondo
katundu anasintha njira n'kudzera kwathu,
makontena anachuluka ngati nyerere pafupa,
ndinagwira maovataimu, ndinagula firiji.
Ikamalira usiku ndimatembenukira kukhoma.

Bambo anga ankatukwana m'Chirasha
n'kumapemphera m'chinenero cha amayi awo.
Mwana wanga Daryn amawerengera tchenji m'Chitchaina,
nyimbo za m'makutu mwake n'za ku Korea,
ndipo ndikamuuza dzina la udzu
womwe akavalo athu ankadya pano pasanathiridwe konkire,
amati, Amayi, ndilembereni pafoni.
Palibe anabwera ndi mfuti kudzatiphunzitsa zimenezi.
Anabwera ndi ngongole, ndi tiyi wokoma,
ndi cholembera chosainira.

Mwezi wa Januwale, cha m'ma thili koloko usiku,
chisanu chinagwira makina.
Kontena yofiira inatsala lendee m'malere,
itachoka panjanji yawo, isanafike payathu.
Wailesi inkakuwa m'zinenero zitatu.
Wina ku Chongqing ankayang'ana wotchi,
wina ku Duisburg ankawerengera chindapusa,
ine ndinatsegula fulasiki.
Mphindi makumi anayi
matani makumi awiri a chuma cha eni
ankagwedera pang'onopang'ono pamaso panga,
opanda mbendera, opanda mfumu,
chipale chikuwagwera mofanana mbali zonse.

Kenako Sabyr anamenya chitsulo ndi hamala,
magetsi anabwerera,
ndipo ndinaitsitsa bwinobwino
mbali yomwe pepala linanena.