Chitini pansi pa injini

Ogula amabwera Loweruka.
Galimoto amasiya kumunsi
poti msewu wathu wa ku Chilomoni
mvula inaudya mpaka mafupa.
Amafika ali wefuwefu
n'kupempha tivundukule chinsalu.

Pamenepo mawu amawathera.

Thanki lakuda ngati khwangwala,
kamzere kagolide m'mbali,
masipoko ali waliwali,
chishalo chachikopa chosang'ambika.
Mthuthuthu uwu anausula ku Mangalande
atate asanamere ndevu.
Unatsikira pa Limbe uli m'bokosi,
unayamba wanyamula mzungu wa kunjanji,
kenako a Makwinja, oyendera madibi a ng'ombe,
anaugula chobwerezabwereza, miyezi khumi ndi inayi,
m'nyumba muno tiyi akumwedwa wopanda mkaka.
Lunzu, Chileka, Mdeka,
fumbi lonselo ankalitsuka madzulo omwewo
asanasambe iwo eni.

Wa ku Namiwawa anavala magolovesi oyera,
anagona chagada pasimenti ndi tochi
kuwerenga nambala ya injini
milomo ikunjenjemera ngati akupemphera.
Wa ku Mpingwe ali nayo kale isanu ndi iwiri.
Akuti wasowa uwu wokha,
akuti ku Ulaya komwe yotere yatsala yowerengeka.
Sindiwaseka ayi.
Ndinaona maso a mkulu uja atadzaza misozi
pogwira nyali;
akuti amalume ake anali ndi wonga womwewu.

"Zonse n'zakezake?" anafunsa.

Zonse, kupatula bawuti imodzi
imene a Likoswe anasula ku Ndirande
chaka chimene masitolo anauma.
Anagwedeza mutu. Imeneyo adzachotsa,
yeniyeni adzaitanitsa kunja.
Nanga kachipsera aka pathanki?
Akonso adzawongola, sikadzaonekanso.

Amayi anali pakhomo, akusankha nyemba.
Sanadzutse mutu.
Kachipserako ndi bondo lawo:
usiku wa mvula, matenda atayamba,
ulendo wa ku Gulupu,
galu anadutsa pa mlatho wa Mudi.
Anagwa, anadzuka, anakweranso.
M'mawa mwake ndinabadwa ine.

Ndinafunsa kumene ukagone.
Pakapeti, anatero, m'chipinda cha magalasi.
Mafuta onse adzakhetsa, petulo yemwe,
matayala sadzapondanso dothi.
Anthu azidzaona.
Analoza chitini cha pichesi
chimene chimakhala pansi pa injini
kulandira kadontho kamodzi tsiku lililonse,
n'kumwetulira: kwake kumeneko zimenezi sizidzafunika.

"Bambo ako ankati chosadontha n'chakufa,"
anatero amayi, kuuza nyemba.

Anyamata a kabaza a pasiteji
amati ndi gogo wa njinga zawo.
Zawozo zimalira ngati udzudzu,
zaka zitatu zatha ntchito.
Koma tsiku limenelo anasiya makasitomala,
anadzaza mpanda:
achemwali, talizani timve.

Ndinatsegula petulo.
Ndinaponda kamodzi, zii.
Kachiwiri unatsokomola.
Kachitatu ndinaponda ndi thupi lonse
monga ankachitira mwini wake, lilime lili pa mano,

thu
thu
thu thu thu

mosafulumira, ngati mtima wa munthu wogona bwino.
Malata ananjenjemera,
nkhuku zinabalalika,
phiri la Michiru linabweza mawu.
Wa magolovesi anavula limodzi
n'kugwira chishalo ndi dzanja lenileni.

Mtengo umene analemba papepala
ungafolere nyumba ino kawiri.
Ungamalizitse Tiyesere sukulu ya unamwino.
Denga likudontha pamwamba pa bedi la amayi
ndipo kudontha kumeneko palibe amati ndi moyo.

Pepalalo lili pansi pa mbale ya shuga,
lero sabata yachitatu.
Amayi salitchula. Inenso.
Madzulo ano ndakhuthula chitini,
ndachipukuta ndi malaya akale a atate,
ndachibwezera pamalo pake
n'kukhala pansi, kudikira
kadontho ka lero.